Diso la nsomba yachikasu

"Kodi mwanawe, nsomba umaziopa?"

Anandifunsa choncho amayi a khomo loyang'anana ndi lathu, tili m'lifiti ya mafulati athu ku Woolwich, kuno kudziko la azungu. Ine ndinali nditagwira pulamu, kangolo kokankhira mwana, iwo atanyamula matumba ochokera nawo kumsika. Ndinaseka, n'kunena kuti ndimaopa za minga yambiri basi. Iwo sanaseke. Anati akupita kumudzi kwa masabata atatu kukaika chiliza pamanda a amuna awo, ndipo akufuna munthu woti aziwaonera nsomba zawo.

Amayiwa anali namwino wopuma pantchito. Anabadwira ku Zimbabwe ngati ine, makolo awo ochokera ku Malawi ngati anga. Kusiyana kwake, iwo anakulira m'tauni, bambo awo ankagwira ntchito kunjanji, pamene ine ndinakulira papulazi ya fodya ndipo sukulu ndinalekezera giredi seveni. Titangosamukira m'fulatimo anandimva ndikutonthoza mwana m'Chichewa pakhonde, anatsegula chitseko n'kufunsa kuti, "Ndani akuyankhula chakwathu pano?" Kuyambira tsiku limenelo ndinali mwana wawo. Lachiwiri ndi Lachinayi masana ankanditengera mwana wanga wamkazi, wa miyezi isanu ndi itatu nthawi imeneyo, kuti ndikakolope maofesi ku Lewisham. Ndikafuna kuwapatsa kanthu ankakalipa. Ankati mdzukulu salipirira.

Munthu wotere akakupempha kuti umuonere nsomba, umakana bwanji?

Thanki yake inali pabalaza, yaitali ngati manja anga onse nditatambasula. Sizinali nsomba za mumtsinje ayi. Zinali za m'nyanja yamchere, ndipo madzi ake malemu amuna awo ankachita kusungunulira mchere wogula kusitolo ya nsomba. Zinalipo zisanu ndi ziwiri: ziwiri zofiirira za mizere yoyera zimene zinkayendera limodzi ngati banja, imodzi ya buluu, zitatu zazing'ono zobiriwira, ndi imodzi yachikasu, yaphanthiphanthi ngati tsamba. Pakati panali mulu wa miyala ya mabowomabowo, yomera ndere ndi zina zofiirira ngati nkhungu ya pachimanga.

Amayi anaika chala pagalasi, yachikasu ija n'kubwera.

"Iyi ndiyo anayamba kugula abambo ako," anatero. "Ali m'chipatala, ine sankandifunsa ngati ndadya. Ankafunsa ngati iyi yadya."

Anandipatsa kiyi, n'kundionetsa pepala limene anamata pafiriji. Panali mizere inayi, yolembedwa zilembo zikuluzikulu kuti ndisavutike. Kudyetsa m'mawa, kongotsina ndi zala ziwiri. Kuwonjezera madzi a m'chigubu choyera mpaka pamzere wakuda. Osazimitsa magetsi a pakhoma. Osatsegula zenera la pafupi ndi thanki. Pepalalo ndinaliwerenga kangapo, ndipo mpaka lero ndikhoza kulinena pamtima. Palibe mzere ndi umodzi womwe umene ndinauphwanya.

Koma kwathu kupulazi munthu akakusiyira nyumba, sumubwezera mmene anakusiyira. Umasesa, umazira, umakwecha mapoto mpaka awale. Mayi anga ankati mkazi amadziwika ndi kunsi kwa mphika wake, osati ndi chitenje. Ndiye tsiku loyamba ndinakolopa. Tsiku lachiwiri ndinachapa makatani. Tsiku lachitatu ndinatsegula kabati ya pansi pa thanki kuti ndipukute fumbi, ndipo fungo linandilandira ngati la padambo mvula ikangosiya.

Munali bokosi limene madzi a m'thanki ankadutsamo asanabwererenso kwa nsomba. Ndinadziwa kuti imeneyi ndi sefa. Nditalitsegula ndinapeza masiponji akuda bii, oterera, ndi timiyala ta ngati mikanda titakutidwa ndi matope. Ndinamva chisoni. Ndinati mayi uyu chimwalirireni mwamuna wake alibe mtima wotsegula muno, nsomba zikumwa zonyansa. Ndinanyamula zonse kupita nazo kusinki, n'kutsuka ndi madzi otentha ndi sopo wotsukira mbale. Ndinatsukuluza katatu. Masiponji anayera mbee. Pobwezeretsa ndinkaimba nyimbo ya kutchalitchi, ndikuona kale m'maso nkhope yawo akadzatsegula kabatiyo.

Patapita masiku atatu madzi anayamba kuoneka ngati otsukira mpunga. Yachikasu ija sinabwere pachala changa. Itatembenuka ndinaona kuti diso lake lakumanzere lachita mtambo woyera, ndipo latupa, latuluka kunja ngati nsawawa.

Bambo a mwana amagwira ntchito ya ulonda pamasewera ku Wembley, ndipo tsiku limenelo anali pakhomo. Ndinawaitana kuti adzaone. Anawerama, n'kuyang'ana, kenako n'kuyamba kuseka.

"Amake mwana, si inu munamuchiritsa uyu manthongo ndi mkaka wa m'mawere? Ifinyireni nayonso."

"Musaseke inu. Ndi ya malemu imeneyi."

"Ndiye aimbireni eni ake."

"Munthu ali pamanda a mwamuna wake, abale onse asonkhana, ine ndimuimbire foni za nsomba? Andiona ngati ndani?"

"Mwini wake ndiye amadziwa pamene pakumuyabwa," anatero akubwerera kwathu. Sindinawamvere. Kwathu wamaliro sumupititsira nkhani ina, umaisenza wekha mpaka abwere. Ndinkaganiza kuti ndikuwachitira ulemu.

Pachidebe cha chakudya cha nsomba panali chizindikiro cha sitolo ya ku Lewisham, kufupi ndi kumene ndinkakolopa. M'mawa mwake ndinakwera basi ndi mwana, chithunzi cha diso lija chili m'foni. Mwini sitoloyo anali mzungu wa ndevu zaimvi, malaya atapinda mpaka m'zigongono, manja onyowa. Chingerezi changa ndi cha kuntchito, koma iye ankayankhula pang'onopang'ono ndipo ndinamva mawu onse. Chimenechi ndicho chimandiwawa. Sindingati sindinamve.

Anati diso likatupa limodzi, kawirikawiri nsomba imakhala yadzigunda pamwala, ndipo limapola lokha. Akatupa onse awiri, vuto ndi madzi. Kenako anandifunsa ngati ndasintha chilichonse m'thankimo.

Ndinati ayi. Sindinkanama. Chakudya chinali chomwecho, madzi a m'chigubu chomwecho, magetsi osazimitsa. Kutsuka sindinakuwerengere ngati kusintha. Munthu akakufunsa ngati wasintha chilichonse m'nyumba, sumuuza kuti wasesa.

Anandipatsa mchere wina wowawa, wosadya, umene anati umaphwetsa chotupa, n'kundibwereka kampope kotulutsa mpweya ndi kachitsulo kotenthetsera madzi. Anati yodwalayo ndiiike payokha m'chidebe, ndi madzi otunga m'thanki momwemo, ndiyezemo mcherewo ndi kasupuni. Pomaliza anagogoda patebulo ndi chala n'kunena kuti mankhwala aakulu a diso la nsomba ndi madzi aukhondo. Zikavuta ndibwere ndi madzi pang'ono adzawayeze.

Madzi aukhondo. Apa ndiye ndinati ndafika pantchito yanga.

Kugwira nsomba ija kunali kovuta. Ndikalowetsa kaukonde inkathawira m'mabowo a miyala. Ndinayamba kutulutsa miyalayo umodziumodzi mpaka inasowa pobisala, n'kuiika m'chidebe chake monga anandiuzira. Miyala inatsala ili m'beseni pakapeti, yoterera, yonunkha, tizilombo tina tikukwawa m'mabowo. Ndinaiyang'ana n'kuganiza kuti matenda akuchokera pamenepa. Ndinabereka mwana kumbuyo, n'kupita nayo kubafa. Ndinaikwecha ndi burashi pampopi masana onse, zala mpaka kuchekeka, n'kuiyanika pakhonde kuti iume. Mawa lake ndinaibwezera ili yoyera ngati mafupa.

Sipanathe masiku awiri. Ndinapeza zazing'ono zitatu zija zili pamwamba pa madzi, kukamwa kuli yasa. Ya buluu inali itagona chammbali pamchenga. Zofiirira ziwiri zija maso onse anali atachita mtambo. M'chidebe, yachikasu inali itatupanso diso lakumanja. Ndinakumbukira mawu a mzungu uja akuti akatupa onse awiri ndi madzi, koma mutu wanga unakana. Madzi oipa achokera kuti, pamene m'thanki imeneyi simunayerepo chonchi chiyambire?

Ya buluu inafa madzulo ake. Ndinaivuula, n'kuima nayo m'manja osadziwa kopita nayo. Papulazi ukaweta mbuzi ya munthu n'kukufera, sutaya zonse. Umasunga chikopa ndi makutu kuti mwini wake adzaone ndi maso ake kuti sunagulitse, sunadye. Ndiye ndinaikulunga m'kansalu koyera, n'kuiika m'kachidebe ka majarini, n'kuika mufiriji yawo, mbali youmitsa.

Botolo loyera limene linali pafupi linali la mwana. Ndinatungiramo madzi a m'thanki, ulendo wa ku Lewisham. Mwini sitolo anathira madziwo m'kagalasi, n'kudonthezamo mankhwala. Tinadikira. Madzi aja anasanduka obiriwira ngati msuzi wa bonongwe. Anayang'ana kagalasiko, n'kundiyang'ana ine, kenako anakoka mpando kuti ndikhale. Anati ndimuuze zonse zimene manja anga achita m'nyumbamo kuyambira tsiku limene ndinalandira kiyi, ngakhale zooneka zazing'ono.

Ndinayamba ndi makatani. Nditafika pa masiponji anavula magalasi ake. Nditafika pa miyala anagwira kumutu.

Sanandikalipire. Anandifotokozera kuti matope aja anali amoyo. M'masiponji ndi m'miyala mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya mkodzo ndi zonyansa za nsomba n'kusiya madzi abwino. Timatenga nthawi yaitali kuti tichulukane. Madzi a pampopi amatipha, otentha amatipha, sopo ndiye amapha ndi nsomba zomwe. Popanda tizilomboto nsomba zinkasambira mumkodzo wawo, ukuziwotcha maso ndi mopumira. Siponji ikada, amangoifinya pang'ono m'madzi akale a m'thanki, basi.

Ali mkati moyankhula ndinakumbukira mtsuko wa maheu wa mayi anga. Mapoto onse tinkakwecha ndi mchenga, koma mtsuko umenewo sankalola kuti sopo aukhudze. Ankati ukautsuka kwambiri maheu sasasa. Choncho nzeru imeneyi ndinali nayo kuyambira ndili mwana. Munthu mmodzi akanangondiuza kuti bokosi lija ndi mtsuko wa maheu, sindikanaligwira. Pepala la pafiriji linali ndi malo ambiri otsala kumunsi kwake.

Panatsala masiku khumi kuti amayi abwere. Mzunguyo anati chimene chingapulumutse zotsalazo ndi kuchotsa madzi oipa tsiku ndi tsiku, ndowa imodzi kapena ziwiri, n'kuthiramo atsopano osungunula kale mchere, ofunda mofanana ndi a m'thanki. Anandipatsa kabotolo ka tizilombo tija kuti tiyambirenso, ndi mankhwala a yachikasu poti chotupa chinali chitalowa matenda. Anati chakudya ndichepetse kwambiri, ndipo anatenga dzanja langa n'kunena kuti, chonde, osatsukanso kanthu.

Masiku khumi amenewo ndinakhala bulu. M'mawa uliwonse ndinkabereka mwana kumbuyo, zigubu ziwiri n'kuika m'pulamu, kukwera basi, kukatunga madzi kusitolo, kubwerera. Anthu m'basi ankasuzumira m'pulamu kuti aone khanda n'kupeza zigubu. Masiku awiri lifiti inafa, ndipo timakhala pansanjika yachisanu. Ndinkakweza chigubu chimodzi, kutsika, kukweza china, mwana akundikoka tsitsi. Bambo a mwana akakhala pakhomo ankandinyamulira, ndipo sanasekenso za mkaka wa m'mawere. Anangoti kamodzi, "Mwaimba?" Ndinati ayi. Poyamba sindinaimbe chifukwa cha ulemu. Tsopano ndinkalephera chifukwa cha mantha, ndipo ndinkadziuza kuti ndikalimbikira adzapeza zambiri zili moyo.

Zazing'ono zija zinafa motsatizana, tsiku lililonse imodzi. Kenako inafa imodzi mwa zofiirira, inzake n'kumangozungulira pakona pamene ankagona. Iliyonse ndinkaikulunga m'kansalu kake n'kuiika m'kachidebe kaja.

Yachikasu ndinailera ngati mwana wodwala. Sinkaona chakudya, ndiye ndinkatsina kandere kouma ndi zala, kulowetsa dzanja m'madzi, n'kudikira pafupi ndi kamwa lake mpaka mkono kuchita dzanzi. Tsiku lachinayi inajompha. Ndinalira, mwana wanga n'kuyamba kulira naye osadziwa chimene tikulirira. Diso lakumanja linaphwa, mtambo unachoka, linabwerera mwakale. Lakumanzere linaphwanso koma linatsala loyera ngati batani la malaya. Mwini sitolo ataona chithunzi anati limenelo lapita. Kutatsala tsiku limodzi madzi anayezedwa n'kupezeka abwino, ndipo ndinaibwezera m'thanki. Inkasambira chopendekeka, ikumatembenuka thupi lonse kuti ione mbali inayo.

Amayi anafika m'mawa wa Loweruka. Ndinali nditawaphikira nkhuku ndi mpunga. Ndinawalandira chikwama pakhomo, ndipo atangolowa pabalaza ndinagwada pakapeti monga timachitira kwa akulu, n'kunena zonse, kuyambira pa masiponji. Anamvetsera ataimirira kutsogolo kwa thanki, jasi ili m'thupi.

"Miyala ija ili kuti?"

"Ndi yomweyo, amayi."

"Iyi?" Anaigogoda pagalasi. "Miyala imeneyi malemu anaisonkhanitsa umodziumodzi chibwerereni kuno. Inali yamoyo."

Anaika chala pagalasi mbali ya kumanzere. Yachikasu sinachione.

Ndinadzuka, n'kukatenga kachidebe ka majarini, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anatsegula, n'kufunyulula kansalu kamodzi. Ya buluu inali itauma gwa, mtundu wake utafwifwa. Anatseka msanga.

"Mwandisungira maliro mufiriji momwe ndimaika chakudya? Ndikuchokera kumanda, ndipeze manda ena m'nyumba mwanga?"

Chiyambire anali asananditchulepo kuti inu. Ndinkakhala iwe, mwanawe, mwana wanga. Ulemu umenewo unandilowa ngati chisanu.

"Ndimati mudzaone nokha kuti sindinataye, amayi."

"Ndani akanati mwadya? Za kupulazi zimenezo musandibweretsere muno. Foni muli nayo. Bwanji simunaimbe?"

"Munali pamanda."

"Nanga papepala paja ndinalemba kuti mutsuke?"

"Ayi."

"Aliyense amadziwa kuti sefa satsuka ndi sopo."

Wamkulu suyankhana naye. Koma mumtima ndinafunsa kuti aliyenseyo ndani. Ine ndinaidziwira kuti nsomba yokhala m'galasi? Kwathu nsomba tinkaiona youma, pamsika, ili pamulu. Anandisankha iwo eni chifukwa cha manja omwewa. Kangati ananditamanda kwa anzawo a kutchalitchi kuti mwana uyu ndi waukhondo, m'nyumba mwake ungadyere pansi? Akanasiyira kiyi munthu waulesi, woponya chakudya m'madzi n'kutuluka, akanapeza zonse zisanu ndi ziwiri zikusambira.

Anakhala pampando, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Wolakwa ndine." Kenako anatambasula dzanja. Ndinaganiza kuti akufuna kundigwira, ndipo ndinasendera. Ankafuna kiyi.

Za zigubu sanazimve, za masitepe sanazimve, za mkono wanga m'madzi sanazimve. Sanafunse, ndipo sizinali zoti ndinene ndekha. Mphika wa nkhuku ndinaupeza mawa lake pakhomo pathu, uli wotsukatsuka. Sindikudziwa ngati anadya.

Lachiwiri lotsatira ndinagogoda ndi mwana monga mwa masiku onse. Anatsegula pang'ono n'kunena kuti msana ukuwapweteka, ulendo unali wautali. Lachinayi msana unali usanapole. Sabata yachitatu sindinagogodenso. Kuntchito anandidikira pang'ono, kenako malo anga anapatsa wina. Bambo a mwana anati tipite tonse awiri tikapepese mwamwambo, ndipo tinapita. Anatilandira bwino, anatipatsa tiyi m'makapu a alendo, n'kunena kuti nkhani inatha kalekale, iwo alibe chifukwa ndi munthu. Zikanakhala bwino akanandilalatira. Munthu amene wanena kuti nkhani inatha, umamupepesa chiyani?

Patapita miyezi ingapo ndinakumana ndi amuna awiri pamasitepe atanyamula thanki ija, ili yopanda madzi. Nsomba ziwiri zotsalazo anazipereka kusitolo ya ku Lewisham. Ndinapitako kamodzi kukabweza kampope kaja. Yofiirira inali itagulidwa kale. Yachikasu inali m'thanki ya kumapeto, kufupi ndi ndowa ndi zokolopera. Mwini sitolo anati ya diso limodzi palibe amaifuna, ikhala pomwepo. Ndinaika chala pagalasi mbali ya kumanja, ndipo inabwera.

Tikukhalabe makomo oyang'anana. Mwana wanga tsopano amayenda, ndipo tikatuluka amathamangira kuchitseko chawo n'kumamenya ndi chikhato, ine n'kumunyamula msanga. Tikakumana m'lifiti ndimapereka moni wa kwathu, ndimafunsa ngati adzuka bwino. Iwo amati, "Morning," n'kuyang'ana manambala akusintha pamwamba pa chitseko.

Nsomba zisanu. Diso limodzi. Mulu wa miyala ya malemu. Kiyi. Ntchito ya Lachiwiri ndi Lachinayi. Agogo a mwana wanga, ndi munthu mmodzi yekhayo m'nyumba yonse ino amene ankanditchula kuti mwanawe.